Mafilimu amene ekita amafa, agogo n'kutsala ndi ndalama

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Leicester, ku England. Dzina ndalisunga monga anapemphera. Pakati pa kalata yawo pali mawu awa:

"Masana alionse tikatha nkhomaliro, agogo amakhala pabalaza kuonera mafilimu akalekale, ambiri opanda mtundu, pa tchanelo cha Talking Pictures TV. Iwo amaseka mpaka misozi, ine ndili kakasi. Chondidabwitsa n'choti filimu iliyonse nkhope zake n'zomwezomwezo: bambo wa mpata pakati pa mano, mayi wachibwano chachikulu, wina wankhope yamakwinya woseka ngati khwangwala. Kunalibe anthu ena kodi? Nanga ekita wake ndi uti? Chinanso, pali agogo ena aamuna amene ndikangolowa ndi mankhwala amakuwa kuti 'Matron!' ndi mawu a m'mphuno, anzawo onse n'kufa nacho chiseko. Akundinyoza kapena?"

Achemwali, zikomo polemba. Ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani mtendere: agogowo sakukunyozani ayi. Akutsanzira munthu wina dzina lake Kenneth Williams, ndipo ndifika naye kutsogoloku. Koma funso lanu la ekita ndi limene landikhazika pansi, chifukwa nanenso ndinafunsapo lomwelo.

Ife tinakulira m'mavidiyo sho, kumene lamulo linali limodzi: ekita safa. Ukalowa mochedwa umangonong'oneza mnzako pabenchi kuti ekita ndi uti, akakulozera basi nkhani yonse waimva. Enawo ndi nkhuni zoti ekita awaze. Wailesi yakanema kwathu inabwera mochedwa, TVM inatsegulidwa mu 1999, ndiye nthabwala za ku Britain zimene ambiri tinazidziwa ndi za Mr Bean, amene safuna kuti umve Chingerezi. Ine mafilimu akalewa ndinakumana nawo nditakula kale, pa nthawi imene ndinkagwira ntchito ya usiku kumeneko. Ndinkatola ma DVD a paundi imodzi m'mashopu a zinthu zakale aja, pofuna chondigonetsa ndikaweruka m'mawa. Miyezi yoyamba ndinkaonera ndi maso a kuvidiyo sho, kusakasaka ekita, ndipo tulo tinkabweradi msanga. Kuseka kunadzayamba nditazolowera kuyang'ana anthu a m'mbali: wapolisi wa pakauntala, mayi wobweretsa tiyi, kalaliki wonyamula fayilo.

Eni ake amawatchula kuti character actors. Ine ndingoti a zisudzo a m'mbali. Awa ndi anthu amene filimu si yawo, mkazi wokongola uja samukwatira, dzina lawo pachikwangwani lili mmunsi, koma akalowa kwa mphindi zitatu chipinda chonse chimakhala chawo.

Chifukwa chimene nkhope zili zomwezomwezo n'chosavuta. Nkhondo yachiwiri itangotha, anthu a ku Britain ankapita ku kanema ngati mmene timapitira kuchigayo. Mu 1946 mokha munagulidwa matikiti oposa 1.6 biliyoni. Mafilimu ankafunika ambiri ndiponso mwachangu, ndipo malo ojambulirako, Ealing, Pinewood, Shepperton ndi Elstree, onse ali mu London kapena m'mphepete mwake. Munthu ankatha kukhala dalaivala wa takisi Lolemba ndi Lachiwiri ku Ealing, Lachinayi n'kukakhala msilikali ku Pinewood. Sam Kydd anaoneka m'mafilimu oposa 200 mwa njira imeneyi, ndipo ndikhulupirira kuti agogo anuwo nkhope yake amaidziwa ngakhale ena dzina angaliiwale. Ambiri mwa anthuwa anaphunzira ntchito m'magulu a zisudzo a m'matauni ang'onoang'ono, kumene sewero linkasintha sabata iliyonse: usiku mukuchita la sabata ino, masana mukuloweza la sabata ya mawa. Ena anachokera kosangalatsa asilikali pa nthawi ya nkhondo, ena pawailesi. Munthu wotero sachedwetsa ntchito. Komanso wojambula filimu ankapindula pena: akaika nkhope yodziwika, sankafunikanso kutaya nthawi kufotokoza kuti ameneyu ndi ndani. Richard Wattis akangotulukira ndi magalasi ake aja ndi nkhope yotopa, holo yonse inkadziwa kuti tafika ku ofesi ya boma ndipo fayilo yathu siyenda lero.

Tsopano anthu anu atatu aja.

Wa mpata pakati pa mano ndi Terry-Thomas. Ntchito yake inali kukhala kathyali wovala bwino: ndevu zosamalidwa, duwa pajekete, ndudu pakamtengo kake, ulemu wambirimbiri pamene dzanja lili m'thumba mwanu. Mawu ake ndi a anthu obadwira m'chuma, koma iye anabadwira m'banja lapakatikati. Anakulira ku Finchley, ndipo ali mnyamata anagwirapo ntchito ya ukalaliki pamsika wa nyama wa Smithfield. Kalankhulidwe kaja anachita kukaphunzira. Mapeto ake ndi omvetsa chisoni: mu 1971 anamupeza ndi matenda a Parkinson, chuma chonse chinathera kuchipatala, ndipo mu 1989 anzake a zisudzo anachita kumusonkhera ndalama ku London. Anamwalira mu 1990.

Mayi wachibwano ndi Margaret Rutherford, ndipo ngati mungandifunse amene ndimamukonda pa onsewa, ndi ameneyu. Anayamba zisudzo atapitirira zaka 30, atakhalapo mphunzitsi wa piyano ndi wa kalankhulidwe. Chibwano chija chimanjenjemera akamalankhula, chikhotho chili pepepe kumbuyo, akuyenda ngati akukathyola khomo. Chinsinsi chake n'choti iye saseka nawo. Kaya akuitana mizimu mu Blithe Spirit ya 1945, kaya ndi pulofesa wofotokoza chikalata chakale mu Passport to Pimlico ya 1949, amakhulupirira ndi mtima wonse zimene akunenazo, ndipo m'pamene pali chiseko. Anadzalandira mphotho ya Oscar chifukwa cha The V.I.P.s ya 1963, filimu imene eni ake anali Elizabeth Taylor ndi Richard Burton.

Woseka ngati khwangwala ndi Sid James, ndipo apa pali chodabwitsa. Anthu ambiri a ku Britain amamutenga ngati mwana weniweni wa London, tambwali wa pakona, wokonda juga ya akavalo ndi kabotolo. Koma anabadwira ku Johannesburg mu 1913, anagwirapo ntchito yokonza tsitsi la amayi ku South Africa komweko, ndipo ku Britain anafika mu 1946 ali bambo wamkulu. Ndiye mukamamuona masanawo, dziwani kuti nayenso anali wobwera ngati inu ndi ine. Anagwa pasiteji ku Sunderland mu 1976 sewero lili mkati, ndipo anthu ena m'holomo poyamba ankayesa kuti ndi nthabwala.

Nanga n'chiyani chimene agogowo akuseka chimene inu simukuchimva? Gawo lalikulu ndi kalankhulidwe. Ku England munthu akatsegula pakamwa, mawu asanu okha amakhala ataulula kale sukulu imene anapita, ntchito ya bambo ake, ndi mbali ya tauni imene anakulira. Mafilimuwa amasewera ndi zimenezo kuyambira koyamba mpaka kumapeto: wosauka wodzikweza, wolemera wopanda nzeru, bwana wamng'ono amene mphamvu zake zonse zili pa kiyi wa sitolo. Ife amene Chingerezi tinachipeza kusukulu timamva mawu okha, pamene iwo akumva mawu ndi mwini mawuwo. Gawo lina ndi nthawi. Agogo a zaka za m'ma 80 kapena 90 anali ana pamene chakudya chinkagulidwa ndi kabuku ka boma, ndipo zimenezi zinatheratu mu 1954. Mu Passport to Pimlico anthu a dera lina la London amatulukira kuti malo awo si a Britain koma a Burgundy, dera la ku France, ndiye chinthu choyamba n'kung'amba timabuku tija. Inu mukuona mapepala akung'ambidwa. Iwo akukumbukira mayi awo ali pamzere wa nyama.

Koma pali filimu imodzi imene sifuna kuti mudziwe zonsezi, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono. Ndi The Ladykillers ya 1955, yojambulidwa ku Ealing ndi Alexander Mackendrick. Musaisokoneze ndi ya ku America ya 2004 ya dzina lomwelo.

Agogo ena amasiye, Mrs Wilberforce, amakhala okha ndi zinkhwe zawo m'kanyumba kopendekeka pafupi ndi siteshoni ya King's Cross, kumapeto kwa msewu, pamwamba pa mphanga imene sitima zimalowa. Nyumbayo inapendekeka ndi mabomba a pankhondo, moti chithunzi chilichonse pakhoma chili chokhota, ndipo madzi kuti atuluke pampopi agogowo amayamba amenya paipi ndi nyundo yamtengo. Kupolisi amawadziwa ngati agogo obwera ndi nkhani zopanda mutu, amangowamvetsera mwaulemu n'kuwaperekeza pakhomo, n'kuwathamangira ndi ambulera imene aiwala. Ndiye kukubwera mlendo wofuna chipinda cha lendi, Professor Marcus, amene ndi Alec Guinness atavala mano otuluka ndi mpango wautali wa m'khosi. Akuti iye ndi anzake anayi ndi oimba mavayolini, akufuna poyeserera. Zoona zake ndi mbava zimene zikukonza zolanda mapaundi 60,000. Akatseka chitseko amaika mbale pagalamafoni, kanyimbo kofatsa ka Boccherini, iwo n'kumapangana za kuba.

Tsono onani zimene agogowo amachita. Sachita kanthu. Amangogogoda kufunsa ngati abambowo angakonde tiyi. Mbava zisanu zili piringupiringu kutola mavayolini, wina akuzimitsa galamafoni, chitseko n'kutseguka, kankhope kofewa kali pakhomo. Akachoka, pasanathe mphindi ziwiri agogodanso: chinkhwe chathawa, tathandizani. Mbavazo zikuganiza kuti zapeza chitsiru choti chikawatengere chibokosi cha ndalama kusiteshoni, poti ndani angakayikire agogo? Agogowo akuchitengadi, koma panjira akuimitsa takisi kuti akadzudzule wogulitsa zipatso amene akuzunza kavalo, mpaka msewu wonse chipwirikiti, ndipo mapeto ake apolisi eni ake ndi amene akunyamula chibokosicho kukachitula pakhomo. Woyendetsa takisiyo ndi Kenneth Connor, wa zipatsoyo ndi Frankie Howerd, aliyense mphindi zochepa chabe.

Malo amene ine ndimabwereza ndi pamene chinsinsi chaululika. Chikwama cha chivayolini chachikulu chija chakodwa pachitseko, mwini wake wachikoka mwamphamvu, ndalama mbwee pamsewu. Agogowo sakukuwa, sakukomoka. Akuwayang'ana ngati mphunzitsi wa Sande sukulu amene wapeza ana akuba zopereka, ndipo akuwauza kuti wakhumudwa nawo. Nthawi yomweyo anzawo achikulire afika kudzamwa tiyi, ndipo zigawenga zisanu zikupezeka zili pakati pa zipewa zamaluwa, zikuperekera makapu ndi makeke, zikumvera nyimbo, manja lende. Herbert Lom, amene akuchita chigawenga choopsa pa onsewo, nkhope yake pamenepo ndi ya munthu amene akumira m'madzi ofika m'mawondo. Kenaka akugwirizana kuti agogowa aphedwe, akuchita mayere ndi timitengo ta machesi, koma palibe amene dzanja likumulola. Akuyamba kuphana okhaokha, mitembo n'kumaiponya m'mabogi a sitima zodutsa mmunsi. Wotsiriza ndi Guinness mwini wake, ekita wathu uja, amene chikwangwani chachitsulo cha sitima chikumugogoda pamutu. Kutacha agogo akupita kupolisi kukanena zonse mmene zinayendera, apolisi akumwetulira monga mwa masiku onse n'kuwauza kuti ndalamazo angosunga. Ambulera ija ulendo uno akuisiya dala, poti tsopano angagule zambiri.

Amene anachita agogowa ndi Katie Johnson. Anali ndi zaka zoposa 75, atatha moyo wake wonse akuchita tizigawo ting'onoting'ono timene palibe ankatikumbukira. Pa filimuyi analandira mphotho ya BAFTA, ndipo anamwalira mu 1957. M'chipinda chimene muli Guinness, Lom, Cecil Parker ndi Peter Sellers, maso ako amangotsatira iye.

Guinness ndiye anazolowera kufa. Mu Kind Hearts and Coronets ya 1949 anachita anthu 8 a banja limodzi, mmodzi mwa iwo mzimayi, ndipo onsewo amafa. Kuvidiyo sho anthu akanaitanitsa ndalama zawo.

Ina imene ndimailemekeza ndi I'm All Right Jack ya 1959, ya abale awiri a Boulting. Peter Sellers akuchita Fred Kite, mtsogoleri wa bungwe la ogwira ntchito pafakitale: kandevu pansi pa mphuno, tsitsi lometa mwachisilikali, suti yosamukhala, mawu akuluakulu a m'mabuku amene amawatchula mokhota. Aliyense amene anakhalapo pamsonkhano wa komiti anamuonapo munthu ameneyu. Kite akuitanitsa sitalaka, koma kunyumba mkazi wake, Irene Handl, naye akuti ngati ndi choncho inenso ndanyanyala, n'kulongedza. Kenaka tikumuona Kite yekhayekha pakati pa mbale zosatsuka, ndipo amene wabwera kudzakambirana naye ndi mdani wake, bwana woona za antchito, Terry-Thomas, amene akupezeka atakhala pansi akumusokera sokosi. Filimuyi siikira kumbuyo aliyense, mabwana ndi akuba, antchito ndi aulesi, ndipo pamenepa ndimaona kuti inawalemera dzanja antchitowo kuposa mmene anayenera. Koma Kite ndi munthu wathunthu, umamuseka kwinaku ukumumvera chisoni. Muyang'anenso bambo wamtali wonyamula wotchi yoyezera liwiro la antchito, nkhope ikuphethiraphethira ndi mantha. Ameneyo ndi John Le Mesurier, wa mafilimu oposa 100, amene agogo anuwo amamudziwa ngati Sergeant Wilson wa mu sewero la pa TV la Dad's Army.

Tafika kwa Matron. Kuyambira 1958 mpaka 1992 kunatuluka mafilimu 31 a mndandanda wa Carry On, onse opangidwa ndi Peter Rogers ndi Gerald Thomas ku Pinewood, ndipo ochita ake anali kagulu komweko: Kenneth Williams m'mafilimu 26, Joan Sims 24, Charles Hawtrey 23, Sid James 19. Apa ndiye ekita kulibiretu, onse ndi a m'mbali. Angapo mwa mafilimuwa amachitikira m'chipatala, ndipo mkulu wa anamwino, Matron, kawirikawiri anali Hattie Jacques, mayi wathupi, wa mawu olamula, amene akamayenda m'wodi odwala amabisa ndudu. Williams amakhala dokotala wodzimva, mphuno m'mwamba, amene Matron akamuyandikira ndi maso achikondi amadzidzimuka n'kukuwa dzinalo mokoka, mabowo a mphuno atatambasuka. Iye anali mwana wa wometa tsitsi wa ku London, ndipo luso lake linali kuyamba chiganizo ngati mwana wa mfumu n'kuchimaliza ngati mnyamata wa pamsika. Kukuwa kumeneko kunalowa m'chilankhulo cha dziko lonse, moti mpaka lero munthu akanena mawu a matanthauzo awiri wina amayankha choncho. Ndiye agogo anuwo akukuikani pampando wa mayi amene chipatala chonse chinkamuopa. Mukafuna kuwagwetsa ndi chiseko, aponyereni diso laukali, manja m'chiuno, osamwetulira. Koma ngati tsiku lina nthabwalayo idzapitirira malire n'kufika pokhudza thupi lanu, imeneyo si Carry On ayi, kaneneni kwa akuluakulu a pantchito.

Ndisakunamizeni kuti zonse n'zokoma. Nthabwala zambiri za Carry On ndi za m'chipinda chogona, zobisidwa m'mawu a pawiri kuti zidutse kwa oyang'anira mafilimu, ndipo atsikana ambiri mmenemo ali ngati chokongoletsera basi. Choipa kwambiri kwa ife ndi china. Mu Carry On Up the Jungle ya 1970, Bernard Bresslaw anadzipaka zakuda kuti akhale munthu wa ku Africa, ndipo Africa yake ndi ya anthu odya anzawo ndi mikondo. Mu Carry On Up the Khyber ya 1968 azungu omwewo anadzipaka kuti akhale anthu a ku India ndi Afghanistan, mapiri ake n'kujambula ku Wales. Ya Khyber ndimavomereza kuti ili ndi malo oseketsa zedi, makamaka pamene akuluakulu a atsamunda akupitiriza kudya mwaulemu denga likuwagwera m'mbale, chifukwa pamenepo akudziseka okha. Ya Jungle ndinaionera kamodzi ndipo DVD yake ndinaibweza kumene ndinaitola. Ikadzafika pa tchanelocho muli pantchito, simukukakamizidwa kuseka nawo.

Nawonso ochita zisudzowo sanalemere nazo. Amuna otchuka pagululo ankalandira pafupifupi mapaundi 5,000 pa filimu, amayi zocheperapo, ndipo malipirowo anakhala osasuntha kwa zaka zambiri. Mafilimuwo akhala akubwerezedwa pa TV mpaka lero popanda iwo kulandirapo kanthu. Charles Hawtrey, kamunthu kowonda ka magalasi ozungulira kaja, anachoka mu 1972 atakangana ndi opanga mafilimuwo pa nkhani ya pamene dzina lake liikidwe, ndipo anamalizira moyo wake ku Deal, m'mphepete mwa nyanja, ali yekha ndi botolo.

Ndiye ngati mukufuna poyambira, yambani ndi The Ladykillers, mutsegule mawu olembedwa mmunsi aja, chifukwa amathandiza kwambiri pa kalankhulidwe ka anthu a ku London. Ikatha imeneyo pezani The Belles of St Trinian's ya 1954, mmene Alastair Sim, bambo wadazi wa ku Edinburgh, akuchita mayi mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya atsikana osamva, komanso mlongo wake wa mayiyo, tambwali wa juga. Ndipo masana ena, ntchito ikachepa, mukhale pafupi ndi agogo a "Matron" aja, muloze munthu aliyense wa m'mbali, kaya ndi wonyamula katundu pasiteshoni, muwafunse kuti ameneyu ndani. Ine ndinayesapo zimenezi ndi bambo wina wachikulire amene tinkakhala naye moyandikana. Dzina langa ankaliiwala sabata iliyonse, koma anandiuza kuti ameneyo ndi Sam Kydd filimu isanafike n'pakati pomwe, n'kuwonjezera holo imene anakaionera ndi mtsikana amene anapita naye.

Mudzandilembere mukaonera, makamaka za tiyi uja.